Ana a Kachamba ndi Nyimbo za Kwela

Mphunzitsi ali yense amene adzatumizidwa ku sukulu ya kumudzi m'boma lino la Chiradzulu, kaya ndi cha ku Namitambo, kaya ku Mbulumbuzi, kaya ku Thumbwe, sadzatha chaka asanakumane ndi mnyamata wa mtundu uwu: m'kalasi ali duu, masamu amgonjetsa, koma pofika nthawi yoweruka atulutsa pa tchire pamene adabisa m'mawa kachitini ka mafuta kokhomerapo thabwa ndi mawaya, nayamba kuliza, anzake namzinga. Aphunzitsi ambiri amuyesa wopulupudza mwana wotere. Ine ndemwe, ndili mwana, ndidaona mphunzitsi wina akuphwanya banjo ya mnzanga pamaso pa sukulu yonse, nanena kuti nyimbo za kumowa zilibe malo pa bwalo la maphunziro. Sindimtsutsa kwambiri, pakuti adachita monga momwe adamphunzitsira amene adamtsogolera. Koma inu amene mulikukonzekera ntchitoyi tsopano muyenera kudziwa kuti kachitini kaja kali ndi mbiri. M'nkhani ino ndifuna kulongosola za bandi imodzi yokha, ya ana awiri a bambo James Kachamba, Daniel ndi mng'ono wake Donald, a m'mudzi wa Singano ku Chileka, m'boma la Blantyre limene tichita nalo malire. Ndasankha iwo chifukwa mbiri yao idalembedwa bwino koposa ya oimba ena onse a nthawi yao, ndiponso chifukwa zimene zidawachitikira zionetsa poyera momwe ife timasungira, kapena kutayira, zinthu zathu.

Kuti timvetse bandi imeneyi tiyenera kuyamba ndi ulendo, pakuti nyimbo zake zidadza ndi anthu apaulendo. Pa nthawi imene dziko lino linkatchedwa Nyasaland, amuna ambiri ankachoka m'midzi mwao kunka kumwera kukafuna ndalama za msonkho ndi za nsalu. Ena ankalembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, kumene makolo athu adakutcha ku Joni. Ena ankapita okha ku Southern Rhodesia, makamaka ku Salisbury, kumene ankati ku Halale potsata dzina la dera limene anthu akuda ankakhala mumzindamo. Amene sadabwereko tidawatcha matchona. Amene adabwerako adabwera ndi njinga, majekete ndi masutikesi, ndipo ena adasenza galamafoni yopukusa pamodzi ndi mbale zake. Mbale zimenezi ndizo zidali sukulu yoyamba ya oimba athu a gitala. Njira ya ku Joni idatsekedwa mu 1974, pamene ndege ya Wenela yonyamula anthu a dziko lino idagwa ku Francistown ndipo boma lidaimitsa kalembera. Koma pofika chaka chimenecho nyimbo zidali zitaoloka kale.

Sukulu yachiwiri idali wailesi. Nyumba youlutsira mau ya ku Lusaka inkalankhula m'zinenero zingapo za anthu akuda, Chinyanja chili chimodzi mwa izo, ndipo kuyambira mu 1949 kudabwera kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati poto, kotchedwa Saucepan Special, kamene kadalowa ngakhale m'nyumba za anthu wamba. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidayamba mu 1953 ndi kutha mu 1963, chidali chowawa kwa makolo athu pa zifukwa zimene mudaphunzira m'mbiri ya dziko. Komabe m'zaka zimenezo anthu, katundu ndi nyimbo zidayenda kwambiri pakati pa Blantyre ndi Salisbury. Banja la a Kachamba lidali limodzi mwa mabanja amene adayenda njira imeneyi. Daniel adabadwira ku Limbe mu 1947, ndipo ali mwana banja lonse lidasamukira ku Salisbury. Atate ake adali odziwa kuliza gitala, kotero kuti anyamatawa adakulira m'nyumba ya nyimbo, m'mzinda umene misewu yake idadzala ndi nyimbo zatsopano zochokera ku South Africa.

Nyimbo zimenezo ndizo kwela. Zidabadwira m'makomboni a ku Johannesburg, pakati pa anyamata osauka amene ankamva m'mbale ndi kuona m'kanema mabandi akuluakulu a jazi a ku America ndi malipenga ao onyezimira, koma iwo alibe ndalama yogulira ngakhale lipenga limodzi. Chimene adatha kugula ndicho kachitoliro ka chitsulo ka mabowo 6, kogulitsidwa m'masitolo monga choseweretsa ana. Pa kachitoliro kameneka adayesa kuchita zonse zimene woliza lipenga amachita, nasakaniza ndi maimbidwe a kwao otchedwa marabi. Mwa iwo mudatuluka akatswiri monga Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso, ndipo mu 1958 nyimbo ya kwela yotchedwa Tom Hark idagulidwa kwambiri ku England komwe.

Inu ophunzira za chinenero imani pang'ono pa dzinali. Mau akuti kwela ndi a Chizulu, koma palibe Mnyanja amene angafune womasulira, pakuti ndi mau athu omwe aja akuti kwera. Ku Joni galimoto ya apolisi yotolera anthu m'misewu inkatchedwa kwela-kwela, chifukwa ndiwo mau amene wogwidwa ankamva pomkankhira m'katimo. Ndipo oimba a m'misewu ankaidziwa bwino galimoto imeneyi. Mau omwewo adali kupfuulidwanso pa gule polimbikitsa wovina kapena woliza chitoliro kuti akwere, ndiko kuti aonjeze moto. Apa muli ndi chitsanzo chabwino chosonyeza ana a m'makalasi apamwamba kuti zinenero za Chibantu ndi za mimba imodzi.

Banja la a Kachamba lidabwerera kwao kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, nakhazikika ku Singano. Tsono apa padachitika chinthu chodabwitsa. Ku South Africa komwe kwela idayamba kuzilala: makampani ojambula mbale adatembenukira ku malipenga enieni ndi magitala a magetsi, ndipo kachitoliro kaja kadasanduka chinthu chachikale. Koma ku Chileka, kumene magetsi sadafike m'midzi ndipo lipenga lidali loto chabe, anyamata awiriwa adapitiriza kwela, naikulitsa, naipatsa mau a Chinyanja. Mbeu imene idauma m'munda wa mwini wake idamera kwa woipempha. Ankayenda ndi zoimbira zao m'misika, m'mbali mwa misewu ya Blantyre ndi m'malo a mowa, anthu nawaponyera timakobiri.

Zoimbira za bandi

Bandi ya kwela ya ku Chileka idali ndi zoimbira zinai, ndipo chili chonse chidali ndi ntchito yake yosalowerera ya chinzake. Ndizilongosola mofatsa chifukwa zitatu mwa izo mungathe kuzipeza kapena kuzipanga pa sukulu ili yonse.

Choyamba ndicho chitoliro, chimene Donald adachidziwa kotheratu akali mwana wamng'ono. Munthu wosadziwa amaika nsonga yokha ya chitoliro pa milomo, chitoliro chili chilili kutsogolo, ndipo chimalira mopyapyala ngati kambalame. Woliza kwela sachita chotero. Amachilowetsa kwambiri m'kamwa, nachipendeketsa chammbali kuti mutu wake utsamire m'kati mwa tsaya. Potero m'kamwa monse musanduka ngati chikho cha kalimba chokuza mau, liu limanenepa, ndipo woliza atha kulitsitsa kapena kulikweza pang'ono, kulipinda ndi kulitsetsereka kuchoka pa liu lina kufika pa lina, monga achitira munthu poimba ndi pakhosi. Mau ena amene sali pa mabowo 6 aja amawapeza potseka bowo mwatheka. Amene adapanga chitolirocho ku Ulaya sadaganizepo kuti chingalire motero.

Chachiwiri ndi gitala, amene m'bandi ntchito yake si kutsogolera nyimbo iai, koma kugwira mayendedwe ake. Kawirikawiri ankamchotsa nsambo imodzi kuti zitsale 5, namanga kamtengo kopingasa pa khosi la gitalayo kuti mau ake akwere ndi kugwirizana ndi chitoliro, pakuti chitoliro sichitheka kuchikunga. Chachitatu ndi besi wa nsambo imodzi, amene ambiri amtcha babatoni. Amatenga bokosi lopanda kanthu, la mtundu uja wotumiziramo tiyi kunja, nalivundikira pansi, naboola pakati pa thabwa la pamwamba, napisamo chingwe cholimba. Nsonga ina ya chingwe aimanga kumutu kwa ndodo imene tsinde lake latsamira pa bokosilo. Woliza akakokera ndodo kumbuyo chingwe chikungika ndipo liu likwera. Akailekerera liu litsika. Palibe chizindikiro chomuuza poimira: khutu lokha ndilo limtsogolera. Chachinai ndi maseche kapena chisekese, chimene chimadula nthawi mofanana osaphonya. Anyamata ambiri a ku Singano adayambira pa maseche, nakwera kufika pa besi, kenaka pa gitala, ndipo bandiyo idali ngati sukulu ya makalasi ake.

Kamangidwe ka nyimboyo nkosavuta kukafotokoza kwa inu amene mwaphunzira maina a mau a nyimbo za kwaya. Gitala amayenda pa magulu anai a mau: ayamba pa do, apita pa fa, abwerera pa do, natsiriza pa so, akafika pamenepo ayambanso, ndipo azungulira chomwecho kufikira nyimbo itatha. Besi atsata tsinde la magulu omwewo. Pamwamba pa mzungulire umenewu chitoliro chili ndi ufulu: chinena mutu wa nyimbo kawiri kapena katatu kuti omvera augwire, kenaka chiyamba kuusinthasintha, kuufupikitsa, kuutalikitsa, kulowa mochedwa dala, kufikira chibwerera pa mutu uja. Munthu wozolowera nyimbo za m'buku, zimene zili ndi chiyambi, pakati ndi mathero, angaganize kuti uku nkubwerezabwereza kwa anthu osowa nzeru. Alakwa. Mverani amai awiri pa mtondo, kapena ng'oma za tchopa, kapena nkhalamba yoliza bangwe: ponse mupeza kachigawo kafupi kozungulira kosaleka, ndi mtsogoleri amene luso lake lili pa kusintha zing'onozing'ono pamwamba pake. Ichi ndicho chifukwa chake kwela sidamveke yachilendo m'makutu a anthu a kuno. Zovala zake zidali za ku Joni ndi ku America, koma mafupa ake adali odziwika.

Kukumana ndi mlendo

Kuchiyambi kwa chaka cha 1967, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Vienna m'dziko la Austria, Gerhard Kubik, adali mu Blantyre pamodzi ndi mnzake Maurice Djenda wa ku Central African Republic, ndipo adamva anyamatawa akuliza mumsewu. Adawatsata kwao, najambula nyimbo zao pa tepi, nawajambulanso kanema chaka chomwecho. Mu 1974 buku lake la m'Chingerezi lonena za bandi imeneyi lidasindikizidwa m'dzina la Institute for African Studies ya pa University of Zambia.

Mabuku ena amalemba ngati kuti Mzungu ameneyu ndiye adawatulukira. Mau otere tiwakane, pakuti amai ogulitsa m'misika ya Blantyre adawadziwa ana a Kachamba kale mlendoyo asanafike, ndipo ndiwo ankawadyetsa. Koma tisamchepetsenso Kubik. Ofufuza ambiri a nthawi imeneyo ankafuna ng'oma ndi magule a makolo okhaokha, nayesa nyimbo za gitala zinyalala za m'tauni zosayenera kuonongerapo tepi. Iye adaona kuti m'nyimbozi mudali luntha, nalemba maina a oimba, maina a makungidwe a gitala monga eni ake ankawatchulira, ndi mau a nyimbo m'Chinyanja momwe. Choposa apo, adadzichepetsa nakhala wophunzira: adalowa m'bandi ya Donald monga mmodzi wa oliza, natsata malangizo a mnyamata amene adali wamng'ono kwa iye ndi zaka zambiri. Pa aphunzitsi a ukachenjede amene ndawadziwa, ndi owerengeka amene angalole zimenezi.

Kuyambira mu 1972 abale awiriwa adayamba kuitanidwa kunja. Pang'ono ndi pang'ono njira zao zidapatukana. Donald adasunga bandi ya kwela, nayenda nayo m'maiko ambiri a mu Africa, ku Ulaya ndi ku America, ndipo chakumapeto kwa 1999 adakhala miyezi ingapo pa University of California ku Los Angeles akuphunzitsa ophunzira a kumeneko kuliza nyimbo za ku Chileka. Daniel adasanduka woimba payekha, ndipo ndiye amene anthu a m'dziko muno adamdziwa koposa kudzera pa wailesi ya MBC. Adamtcha Dokotala Daniel Kachamba, dzina limene lidakhazikika mpaka lero.

Za gitala wa Daniel ndiyenera kunenapo zambiri, chifukwa munthu womva pa wailesi osaona amalumbira kuti oliza alipo awiri kapena atatu. Chinsinsi chake chili pa zala ziwiri za dzanja lamanja. Chala chachikulu chimayenda pa nsambo zonenepa, chikugwira ntchito ya besi. Chala cha mkombaphala chimakodola nsambo zopyapyala, chikuimba nyimbo yeniyeni. Zala ziwirizi sizigunda pamodzi nthawi zonse, koma china chilowa m'mipata imene chinzake chasiya, monga misi iwiri mu mtondo umodzi. Zikathamanga, khutu la womvera lileka kumva zala ziwiri, niyamba kumva tinyimbo tingapo tolukanalukana, tina pamwamba, tina pakati, tina pansi, timene woliza sadatilize pa tokha. Oliza kalimba ndi mangolongondo adachidziwa chinsinsi chimenechi kalekale. Daniel adachisamutsira pa chipangizo cha ku Ulaya. Kalizidwe ka zala ziwiri kadali kofala ku Congo ndi ku Kenya, ndipo dzina la Mwenda Jean Bosco wa ku Katanga, amene Hugh Tracey adamjambula mu 1952, lidamveka mu Africa yense. Daniel adamvera mbale za kumeneko monga adamvera za kumwera, natenga ponseponse chimene chidamkomera. Sankakunga gitala mwa njira imodzi yokha ya m'buku: adali ndi makungidwe angapo, ali onse ndi dzina lake ndi nyimbo zake. Adadziwanso kalizidwe kotchedwa hauyani, kamene gitala amagonekedwa ndipo woliza amatsetsereka botolo kapena kachitsulo pa nsambo, gitala nalira ngati munthu wodandaula.

Chinenero cha oimba

Tsopano tifike pa chimene chikhudza magazini ino makamaka. Taonani maina a magule amene bandi imeneyi inkaliza: sinjonjo, saba-saba, simanje-manje, lumba, hauyani, jaivi. Pafupifupi onse ndi alendo, koma onse adavekedwa zovala za kuno. Lumba ndiye rumba wa ku Congo, amene dzina lake lidachokera ku Cuba. Lilime la Mnyanja silisiyanitsa r ndi l monga lichitira la Mngerezi, ndipo kumayambiriro kwa mau timakonda l. Hauyani achokera ku mau a Chingerezi akuti Hawaiian, onena za zisumbu za Hawaii, kumene kalizidwe ka botolo kaja kadatchukira. Chinyanja sichilola mau kuthera pa lemba losatsegula pakamwa, nchifukwa chake kumapeto kudaonjezedwa i, monga tidachitira ndi supuni. Simanje-manje achokera ku mau a Chizulu akuti manje, ndiko kuti tsopano. Kubwereza tsinde pofuna kutsindika ndi khalidwe lathu lomwe, ndipo tikadamasulira tikadati zatsopanotsopano. Mwana wa Sitandade 6 amene aphunzira malamulo a mau obwereka pa maina a magule sadzawaiwala msanga monga aiwalira mndandanda wa pa bolodi.

Chinanso ndi ichi. Mu 1968 chinenero chathu chidapatsidwa dzina la Chichewa nichikhala chinenero cha dziko lonse, ndipo m'zaka zotsatira mabuku a sukulu ndi wailesi zidatsata makamaka kalankhulidwe ka m'chigawo cha pakati. Ana a kuno kumwera adayamba kudzudzulidwa m'kalasi chifukwa cha mau amene adayamwira. Koma oimba a gitala ndi banjo sadapite kukapempha chilolezo kwa wina ali yense; adaimba monga amalankhulira kwao. Motero matepi a ana a Kachamba, pamodzi ndi a Alan Namoko wa ku Thyolo, woimba wosaona uja wa Chimvu River Jazz Band amene ankaimbanso m'Chilomwe ndipo adamwalira mu 1995, ndiwo nkhokwe ya kalankhulidwe ka kumwera ka zaka zimenezo, kamene simudzakapeza m'buku la galamala. Sindikunena kuti muleke kuphunzitsa kalembedwe kovomerezeka. Mayeso alipo, ndipo dziko lisowa kalembedwe kamodzi. Ndikunena kuti mwana adziwe kusiyana kwa mau olakwa ndi mau a kwao.

Zindikiraninso kuti chinenero chathu chili ndi kukwera ndi kutsika kwa liu kumene kumasintha tanthauzo, monga mtengo wa m'nkhalango usiyana ndi mtengo wa pamsika ngakhale tilemba mofanana. Nyimbo zambiri za m'tchalitchi zidamasuliridwa ndi kukakamizidwa pa maimbidwe a ku Ulaya, kotero kuti liu limakwera pamene mau afuna kutsika, ndipo tidazolowera osadandaula. Woimba wa kumudzi amene apeka mau ndi maimbidwe pamodzi kawirikawiri amalola mau kutsogolera, nchifukwa chake nyimbo yake imveka msanga ngakhale kwa nkhalamba yosamva bwino. Yesani ndi ana anu: alankhule chiganizo, kenaka achiimbe, naone ngati liu layenda njira imodzi.

Zimene zidatsala

Daniel adamwalira mu 1987 ali ndi zaka 40 zokha. Lamulo loteteza eni nyimbo ndi mabuku limene lidabala bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1989, ndipo bungwelo lidayamba ntchito mu 1992. Ndiko kuti m'moyo wake wonse padalibe bungwe la m'dziko muno lomtolerera malipiro a nyimbo zake. Chaka chomwecho cha imfa yake ku Zomba kudasindikizidwa buku lofotokoza nyimbo za Malawi, limene Kubik adalemba mothandizana ndi Donald Kachamba, Moya Aliya Malamusi ndi Lidiya Malamusi. Donald adamwalira mu January 2001.

Moya Malamusi ndi chitsanzo chimene ndifuna muchikumbukire pamene mwaona mwana wa kachitini uja. Adayamba ali mnyamata monga woliza besi wa bokosi m'bandi ya Donald. Pambuyo pake adayamba kuyenda m'midzi kujambula nthano, nyimbo ndi zoimbira za makolo, nakhazikitsa ku Chileka ntchito yofufuza za nthano ndi miyambo yosalembedwa pamodzi ndi nyumba yosungiramo zipangizo zamakedzana, ndipo adafika polandira digiri ya udokotala ku University of Vienna. Donald atamwalira, iye ndi anzake adapitiriza bandiyo m'dzina la malemuyo.

Mudzi wa Singano sudaleke kubala oimba. Ndi kwao kwa Robert Fumulani ndi ana ake, ndiponso kwa Evison Matafale amene adayambitsa Black Missionaries, namwalira ali m'manja mwa apolisi mu November 2001. Iwowa adaimba nyimbo za mtundu wina, za magitala a magetsi ndi mayendedwe a ku Jamaica, ndipo sikungakhale koona kunena kuti adatengera kwela. Chimene adalandira ndi chikhulupiriro chakuti mwana wa m'mudzi umenewo atha kupeka nyimbo m'chinenero chake dziko lonse nkumvera. Dzina la babatoni nalonso silidafe: Madalitso Band, anyamata awiri amene ankaliza m'misewu ya Lilongwe, adakwera nalo pa bwalo la Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017 ndipo pambuyo pake adayenda nalo ku Ulaya, ngakhale babatoni wao ndi wa kapangidwe kena, wa chikopa ngati ng'oma ndi mtengo wautali.

Chondiwawa ndi ichi, kuti matepi ochuluka a ana a Kachamba asungidwa bwino ku Vienna, m'nyumba yosungiramo mau yotchedwa Phonogrammarchiv, pamene ophunzira ambiri amene ndawafunsa m'kalasi adziwa dzina la Kachamba koma satha kunena ngati ankaliza gitala kapena ng'oma. Sitingadzudzule osungawo, pakuti akadapanda iwo zambiri zikadatayika. Funso lili kwa ife: nanga enawo, amene mlendo sadakumane nao mumsewu?

Boma lathu lino lili ndi yankho lake pa funso limeneli. A Giddes Chalamanda, amene adabadwira kuno ku Chiradzulu mu 1930, ndi a mbadwo wa patsogolo pa Daniel Kachamba, ndipo adaliza gitala wao zaka makumi ambiri m'malo a mowa ndi m'misika, anthu akuwaseka ndi kuwaponyera makobiri. Adafika ku America mu 2016, ali ndi zaka 86, nakaimba ku Library of Congress mu Washington, ataperekezedwa ndi oimba awiri aja odziwika kuti Edgar ndi Davis. Mu 2020 Patience Namadingo adajambula nao nyimbo zao zakale, ndipo imodzi mwa izo, Linny Hoo, idafalikira pa TikTok kufikira anthu mamiliyoni ambiri a m'maiko amene samva ngakhale liu limodzi la Chichewa. Tidakondwera tonse, ndipo kudali koyenera. Koma tiwerenge zaka: munthuyo adayenera kufika zaka 90 kuti ife a kwao tizindikire chimene chidali pakhomo pathu. Anzao a msinkhu wao amene ankaliza nao m'midzi ya kuno adapita, ndipo nyimbo zao zidakwiriridwa nao pamodzi.

Kubik adafunika kusenza makina olemera kuchokera ku Ulaya. Inu muli ndi foni m'thumba imene ijambula mau. Mukafika pa sukulu imene mwatumizidwa, funsani ana kuti ndani m'mudzimo amaliza banjo, gitala, bangwe kapena kaligo. Pitani kwa a mfumu poyamba, monga mwa mwambo, kenaka kwa mwini nyimbo, ndipo mumfotokozere chimene mufuna kuchita nazo. Akakana, musajambule mobisa. Akalola, lembani dzina lake, mudzi, mfumu yaikulu ya dera ndi tsiku. Mfunseni amene adamphunzitsa, kumene adayenda, ndi dzina limene iye amatchula kakungidwe ka nsambo zake, ngakhale dzinalo limveke lachilendo. Mau a nyimbo muwalembe monga momwe watchulira, osawakonza kuti afanane ndi a m'buku, ndipo pamene walowetsa Chilomwe, Chiyao kapena mau a ku migodi, musiye chomwecho ndi kumfunsa tanthauzo lake. Kope limodzi mumsiyire iye, lina musunge pa sukulu, ndipo lachitatu mutumize kwa mkonzi wa magazini ino.